Matabwa Amene Anandibwezera ku Chinsapo

Tiyamike mwana wanga,

Kalatayi ndikulembera kuno ku shedi ku Biwi, pa tebulo lija unkalemberapo homuweki uli ku pulayimale. Amayi ako ndawanamiza kuti ndikukaona ngati denga likudontha. Denga linayamba kudontha kalekale, ndipo muno mulibenso zambiri zoti n'kunyowa. Ndangothawa basi. Kunyumba ku Area 23 kwadzaza anthu odzakutsanzika, aliyense akukuuza za kuzizira kwa ku Mzuzu ngati anakhalako, ndipo ine ukundidziwa, ndikati nditsegule pakamwa pamaso pako chimatuluka ndi kukalipa. Ndiye ndati bola pepala, ilo silikweza mawu.

Mawa ukukwera basi. Lolemba uyamba umanijala ku fakitale ya khofi ija, anthu makumi anayi ali pansi pako, ena a msinkhu wanga. Ndikukunyadira, zimenezo usakayike. Koma Lachiwiri lapitali ndinali kuseri kwa nyumba ndikukhoma mwendo wa mpando, iwe uli pakhonde ukucheza pa foni ndi mnzako. Sindinafune kumvetsera, mawu anangondipeza. Unati wamva kuti antchito akumeneko ndi amwano, amakonda zoyankhayankha, ndipo ukakafika ukawawongola mwezi usanathe. Kenako unaseka. Mwana wanga, hamala inandipulumuka m'manja. Mawu amenewo ndi anga, ngakhale kasekedweko ndi kanga. Kuyambira tsikulo mtima wanga suli m'malo, chifukwa ndikudziwa kumene njira imeneyo imathera. Imathera muno mmene ndakhalamu, m'shedi yopanda munthu.

Iwe unakula ukumva kuti bizinesi yathu inagwa chifukwa matabwa anakwera mtengo, komanso mipando ya kunja inadzaza m'tauni. Ndine ndinakuphunzitsa nyimbo imeneyo. Nanga bwanji m'mashedi ena mumsewu womwewuno makina akulirabe? Matabwawo anakwerera ine ndekha? Lero ndikuuza zoona, ngakhale zikundiwawa. Shedi ino ndinaipha ndekha, ndi makutu angawa.

A Lufeyo uwakumbukira. Kapitawo wanga uja wa ku Dedza, wamfupi, pensulo ili kukhutu nthawi zonse, amene ankakusemera tigalimoto ndi tizidutswa ta matabwa. Tinayamba awiri, iwo ndi ine, pansi pa mtengo wa mango ku Kawale, tili ndi sowo imodzi ndi pulena yopalira matabwa yobwereka. Pamene zinthu zinkayenda, m'shedi muno munali anthu khumi ndi awiri. A Lufeyo anagwira nane ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zimene ndikuuzezi pafupifupi zonse ndi za iwowo.

Ndiyambe ndi za mabenchi. Tinapeza oda yaikulu ya mabenchi a tchalitchi china chatsopano, ndipo akuluampingo ankafuna afike tsiku lotsegulira lisanakwane. Ndinagula paini lole yathunthu, wotchipa, wongocheka kumene. Tsono a Lufeyo anali ndi kachitidwe kawo. Asanadule thabwa lililonse ankaliimika, kuligogoda ndi chala chopinda, n'kutchera khutu. Ankati louma limalira, laliwisi limangoti phi. Tsiku limenelo anagogoda matabwa atatu, ananunkhiza, n'kubwera pa chitseko cha ofesi chipewa chili m'manja. Anati matabwawo ndi aawisi, tiwasanje pamthunzi milungu itatu, ndipo tikawapemphe abusa kuti apirire pang'ono. Ine ndinawayankha onse akumva:

"A Lufeyo, ndimakulipirani kuti muzipala matabwa, osati muziwaombeza ula."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndinadziona wochenjera kwabasi. Mabenchi tinapanga, vanishi waliwali, tinapereka tsiku lisanakwane. Kutentha kwa Okutobala kutangofika anayamba kupindika, ena kung'aluka, misomali kutuluka n'kumang'amba zitenje za amayi a mvano. Akuluampingo anabwera kuno nkhope zitakwinyika. Ukudziwa chimene ndinachita bambo akone? Ndinaitana a Lufeyo n'kuwalalatira pamaso pa alendowo kuti ndiwo sanasankhe bwino matabwa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuti chabwino bwana, n'kubwerera ku ntchito yawo. Tiyamike, ukakalakwa, usakafune wa pansi pako woti umuveke cholakwa chako. Alendo amapita ndipo amaiwala. Amene wamunamizirayo m'mawa mwake alinso pomwepo, ndipo akaonanso dzenje patsogolo pako aganiza kawiri asanakuchenjeze.

China ndi cha chakudya cha masana, ndipo useka mwina, uti bambo akalamba. Antchito anga ankadya memo. Wina ankabweretsa ufa, wina usipa, wina tomato, mmodzi n'kuphika kuseri kwa shedi, onse n'kudyera pamodzi atakhala pa zidutswa za matabwa. Ine ndinkatumiza tchipisi, n'kudyera mu ofesi chitseko chili chitsekere. Kangapo konse a Lufeyo ankagogoda kuti abwana tiyeni tikadye. Ndinkakana. Ndinkati bwana akadya ndi antchito amamuzolowera, n'kumukwera pamutu. Ndinadzadziwa mochedwa, zonse zitatha kale, kuti pa memo pamenepo m'pamene pankakambidwa zonse. Kasitomala uti wakhumudwa ndipo sabweranso, wogulitsa matabwa uti akutibisira zowola pakati pa lole, makina ati ayamba kutsokomola, mwana wa ndani wagonekedwa m'chipatala. Msonkhano weniweni wa bizinesi yanga unkachitika tsiku ndi tsiku kuseri kwa khoma langa, mwini wake ndili kalikiliki kutafuna tchipisi ndekha ngati mkaidi. Ukakafika kumeneko, ukafufuze kumene anthu ako amadyera. Ukapiteko, ukasambe m'manja m'beseni lomwelo, ukakhale pansi. Usakalankhule zambiri. Tsiku loyamba akakhala chete chifukwa cha mantha, mwina sabata yonse, koma usakatope.

Za Mateyu ukuzidziwa mwatheka. Ndi bambo wa zala zitatu uja amagulitsa makala ku Mgona, amene ukamupatsa moni amayankha dzanja lili kumbuyo. Ndinakuuza kuti inali ngozi ya pantchito. Inali ngozi, inde, koma ngozi imene inayamba yagogoda pa chitseko changa kasanu. Chotchingira cha sowo yamagetsi chinathyoka, ndipo mpeni wake unayamba kugwedera n'kumalira mwachilendo. Mateyu anandiuza kawiri. A Lufeyo anandiuza katatu, kachitatuko anachita kundigwira malaya, chinthu chimene sanachitepo. Ine yankho langa linali limodzi, tikonza oda iyi ikatha. Koma maoda sankatha, ina ikatha ina yafika. M'mawa wina Lachinayi thabwa linadumpha, dzanja la Mateyu linalowa. Ndinamunyamula ndekha pa galimoto kupita naye kuchipatala, dzanja atalikulunga ndi ovolosi. Ndipo chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi ichi, njira yonse munthu uja ankandipepesa kuti akundidetsera mpando wa galimoto ndi magazi. Tsiku lotsatira ndinaitana wowotcherera zitsulo wa pafupi pompa. Chotchingiracho anachikonza ola limodzi lisanathe.

Kuchokera pamenepo m'shedi muno munagwa bata. Palibenso amene ankabwera pa chitseko cha ofesi chipewa chili m'manja. Ndikati dulani chonchi, chabwino bwana. Ndikati lero tiweruka mochedwa, chabwino bwana. Ngakhale ndilamule zopanda mutu, zoti mwana wa sitandade wani angaone kuti tebulo lipendekeka, chabwino bwana, n'kulipanga lopendekeka monga ndanenera. Chitsiru ine, ndinkakondwa. Ndinkadzitama pa bawo kuti anthu anga ndinawawongola, mawu omwe aja wanenawa. Sindinkadziwa kuti munthu amene akukutsutsa ndiye kuti ntchitoyo akuiwerengerabe. Akasiya kukutsutsa, mumtima wachoka kale, chatsala ndi thupi kudikira kumene lingalowere. Anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Sankapita kolipira bwino ayi, ena ankapita ku timashedi ta malata atatu, bola kumeneko akanena kanthu wina ankatembenuka. Mwana wanga, mawu awiri amenewo ukawaope kuposa mwano. Wamwano ukhoza kukhala naye pansi n'kumva chimene chikumudya. Wa chabwino bwana sumupezanso.

A Lufeyo okha ndiwo sanachoke. Chifukwa chake sindikuchidziwa, poti sindinawafunse. Mwina ankaiona shediyi ngati yawonso, popeza mizati yake anaimika ndi manja awo. Iwo okha ndiwo ankayesabe apo ndi apo, motsitsa mawu. Anayamba kutsokomola. Anandipempha kuti tiboole khoma lakumbuyo tiike mawindo awiri, chifukwa utuchi unkangozungulira m'kati, pofika masana anthu onse tsitsi lili mbuu. Ndinati mawindo ndi njira ya akuba. Anapempha zophimba kukamwa ndi mphuno, ndinati amange mipango. Potsiriza anapempha masiku atatu kuti akapimidwe chifuwa kuchipatala. Tinali ndi oda ya mabedi a malo ena ogona alendo, ndiye ndinati mabediwo akatha apite ngakhale sabata yathunthu. Anati chabwino bwana. Mabedi anawamaliza onse, osalala bwino, palibe ndi limodzi lomwe linabwezedwa. Loweruka lake anagwa pa siteji akudikira minibasi, ndipo sabata yotsatira anamwalira. Ine si dokotala, sindinganene kuti ndi utuchi unawapha, kapena kuti masiku atatuwo akanawapulumutsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu anandipatsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ine ndinamumana masiku atatu.

Maliro anali kunyumba kwawo ku Chinsapo. Iwe unali kusukulu yogonera, sunaone. Ndinali ndi matabwa a mlombwa asanu ndi limodzi amene ndinkasungira oda ya munthu wolemera. Ndinati awa ndiwo apangire bokosi la a Lufeyo, anthu aone kuti bwana wawo ankawakonda. Ndinawakweza pa galimoto m'mawa, ndinanyamuka. Nditadutsa msika ndinazindikira kuti sindikudziwa kumene ndikupita. Zaka zonsezo sindinapondepo pakhomo pa kapitawo wanga. Ndinachita kuima n'kumafunsa a kabaza kuti maliro a kalipentala ali kuti.

Nditafika ndinapeza bokosi lilipo kale. Anthu anga akale, aja anachoka mmodzimmodzi, anasonkhana pa kashedi ka mmodzi wa iwo ku Mgona n'kulipanga okha. Linali la paini wamba, koma wouma bwino, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti thabwa lililonse anayamba aligogoda n'kutchera khutu monga ankachitira malemuwo. Vanishi anapaka ndi Mateyu ndi zala zake zitatu zija. Ndiye amenenso anabwera pa galimoto. Anandipatsa moni mwaulemu, anayang'ana mlombwawo, anausisita, n'kunena motsitsa:

"Zikomo bwana, koma tapanga kale. Awa bwererani nawo, mwina adzakuthandizani inuyo."

Sananene mwachipongwe, bola akananditukwana. Matabwawo anakhala pa galimoto tsiku lonse, anthu akudutsa n'kumawayang'ana.

Ukudziwa mmene mwambo wa maliro umayendera kwathu kuno. Amalankhula woimira banja, amalankhula woimira mpingo, kenako woyendetsa mwambo amaitana woimira kuntchito kuti anene mmene malemu ankakhalira ndi anzake. Anaitana dzina langa. Ndinaimirira, ndinakonza jekete, ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinapeza kuti mulibe kanthu. Sindinkadziwa mudzi wawo ku Dedzako. Sindinkadziwa kuti ana awo ndi angati, poti amene anakhala kutsogolo akulira anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinangotola chimene chinali pafupi. Ndinati a Lufeyo anali munthu wofatsa, womvera, wosayankha, ndipo zaka zonsezi sindinawamvepo akutsutsa kanthu. Ndinkayesa ndikuwatamanda. Kumbali ya amuna kunamveka kung'ung'udza, amayi ena anatsonya, ndipo anthu anga akale onse anaweramitsa mitu. Woyendetsa mwambo anafulumira kuuza a kwaya kuti ayambe nyimbo.

Titabwera kumanda, mkazi wawo, mayi Nabanda, anatuma munthu kuti andiitane. Anali atakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, mawu atasasa ndi kulira. Ndinagwada pakhomo ndikuyembekeza kuti andilalatira, ndipo ndinali wokonzeka. Koma anangondifunsa ngati munthu wodabwa.

"Bambo, mwati sankayankha? Munthu uja ankalankhula ngati wailesi. Akaweruka nkhani inali ya shedi yanu yokhayokha, pakufunika windo apa, matabwa tiziumitsa chonchi, uje akufuna kuchoka tingamugwire bwanji. Ana ankachita kuthawa. Pomaliza ankati, mawa ndikawauzanso abwana, mwina amva."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwonjezera kuti ngakhale m'chipatala muja ankafunsa ngati mabedi aja afika bwino. Ndinadzuka pamene ndinagwada paja. Ndinatuluka, ndinakwera galimoto, ndinabwerera ndi matabwa anga ku Biwi.

Zotsatira zake unaziona ndi maso. Mbiri mumsewu uno siichedwa. Kalipentala aliyense wodziwa ntchito ankati bola kukapala matabwa pansi pa mtengo kusiyana n'kugwira kwa ine. Amene ankabwera anali ongodutsa, ndipo panalibenso wogogoda thabwa. Mipando inayamba kubwezedwa. Pasanathe zaka ziwiri makina ndinagulitsa, yoyamba kupita inali sowo ija. Mawindo awiri aja ndinadzaboola ndekha, shedi ili kale yopanda munthu. Akundiunikira pamene ndikulemba pano, ndipo akuba sanalowepo ndi kamodzi komwe.

Ndiye mwana wanga, ndilibe nzeru za m'mabuku zimene iwe unaphunzira ku koleji. Ndili ndi zipsera basi. Lolemba ukakalowa pa geti, usakayambe ndi kuwongola munthu. Ukafunse amene wakhalitsa kuposa onse, ukamupemphe akuyendetse malo onse, iye patsogolo iwe pambuyo. Anthu amene ukuti ndi amwanowo, ukayambe wafunsa kuti anayamba liti kuyankha, ndipo chimene akhala akunena n'chiyani. Mwina pali sowo imene ikugwedera, ndipo atopa n'kunena. Wina akakuuza kanthu n'kupezeka kuti ananena zoona, ukanene pagulu kuti nzeru imeneyi ndi ya uje. Wina akapempha tsiku lopita kuchipatala kapena kumaliro, usakamuuze kuti oda ikatha. Oda siitha, munthu ndiye amatha. Ukadziwe kumene amakhala, ukadziwe mayina a ana awo. Tsiku lina, Mulungu asalole kuti lifulumire, woyendetsa mwambo adzaitana woimira kuntchito, ndipo amene adzaimirire ndiwe.

Ndikunena zonsezi koma chikhulupiriro ndilibe kwenikweni, ndisakunamize. Inenso anthu ankandiuza, sindinamve. Iwe ndiwe magazi anga, liuma lathu ndi limodzi, ndipo ndikuopa kuti uwerenga kalatayi n'kuipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa sutikesi.

Pali chinanso chimene ndakhala ndikuchizungulira chiyambire kulemba. Matenda amenewa sindinkawasiya ku shedi ndikaweruka. Amayi ako anali munthu wolongolola pamene ndinkawakwatira, ankanditsutsa mpaka ndinkatuluka thukuta. Sindikukumbuka chaka chimene anasiya. Ndipo iwe, uli Folomu 4, unabwera muno tsiku lina uli ndi foni ya mnzako, maso ali ngwee. Unati tizijambula mipando yathu n'kumaionetsa pa foni, anthu a ku Area 47 aziiona ali kwawo, iweyo ukhoza kumachita zimenezo ukabwera pa tchuthi. Sindinakweze n'komwe mutu. Ndinati mwana wamkazi ndi matabwa wapi ndi wapi, kawerenge uko. Unaima pang'ono pa chitseko chomwe chija ankaima a Lufeyo, n'kuti chabwino bambo. Lero mashedi onse mumsewu uno akugulitsa momwemo. Koma chimene chikundiwawa si malondawo. Ndakhala pano ndikufufuza m'mutu tsiku limene unandiuzanso maganizo ako chichokere tsiku limenelo, ndipo sindikulipeza. Sindikudziwa dzina la mnzako unkacheza naye pa foni uja. Sindikudziwa ngati ntchito ya khofiyi ukuikonda, kapena wangofuna kupita kutali ndi nyumba imene munthu salankhulamo.

Matabwa a mlombwa aja alipobe, ali pakona apo, ndiwo okha atsala muno pamodzi ndi tebuloli. Ndisanayambe kulemba ndinaimika limodzi, ndinaligogoda ndi chala, ndinatchera khutu. Likulira bwino zedi. A Lufeyo ankanena zoona, louma limamveka, ndipo sizitenga ndi mphindi yomwe kuti umve. Mateyu nayenso sananame, matabwawa adzandithandiza ine. Chimene sindikudziwa n'chakuti adzawapale ndani, ndipo woyendetsa mwambo akadzafunsa ngati alipo amene anagwirapo ntchito ndi malemuwa, adzaimirire ndani.

Zanga zatha, sindikupempha kuti undimvere chisoni. Ndikupempha chinthu chimodzi. Kalatayi ndikupatsa lero lomwe ndikafika kunyumba, alendo akachoka, kuti uiwerenge usananyamuke. Mawa ndikuperekeza ndine ku depoti, amayi ako ndawauza kale kuti atsale. Kuchokera pa siteji yathu kukafika kumeneko ndi kanthawi ndithu, makamaka minibasi ikamaima paliponse. Njira yonseyo ine nditseka pakamwa, ngakhale zindivute bwanji. Ulankhule ndiwe. Undiuze kuti ndalakwitsa, kuti sindikuwadziwa anthu a ku Mzuzu, kuti ndinakuwonongera ubwana, kuti nkhalamba ine ndisakulowerere pa ntchito yako. Chilichonse chimene chili kukhosi, ndichilandira.

Koma chonde, Tiyamike, mwana wanga, ukamaliza kuwerenga usabwere kudzandiuza kuti chabwino bambo.

Ndine bambo ako,
gonthi uja wa ku Biwi.